Raviro Akana Kukhala Mlongo wa Mwamuna Wake

Raviro anali ndi nyumba ku Manica, koma analibe ufulu wokhalamo mmene akufunira. Nyumbayo anamanga awiri ndi mwamuna wake Zefanias, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chinacho. Mbali yake ya ndalama inkachokera ku tomato ndi mapeyala amene ankagulitsa mumsika wa Sakubva ku Mutare. Zenera lililonse ankalidziwa kuti linagulidwa ndi mapeyala a chaka chiti. Koma akafika pamalire, wa pawindo ankadinda pasipoti yake n'kulemba tsiku loti akhale atatuluka m'dzikomo. Raviro anali wa ku Zimbabwe, ndipo nyumba inali ku Mozambique, kwawo kwa mwamuna wake.

Chaka china zinamufika pamtima. Anadzala nyemba kuseri kwa nyumbayo, ndipo masiku ake anatha nyembazo zitangoyamba kufiira. Anazisiya m'munda n'kubwerera ku Mutare. Atapitanso anapeza mbuzi za anthu zitamalizamo ntchito, kwatsala timitengo tokha. Madzulo ake anafunsa mwamuna wake kuti zidzatha bwanji akadzapuma pantchito. Zefa, monga onse ankamutchulira, anali atatsala ndi zaka zochepa pa kampani yocheka matabwa, ndipo pangano lawo linali loti akadzapuma adzasamukire ku Manica. Nanga iye azidzakhala mlendo m'nyumba yake yomwe, kumawerenga masiku ngati wobwera kumaliro?

Zefa sankaona vuto. Iye anabwera ku Mutare ali mnyamata nthawi ya nkhondo, ndipo kwa iye phiri la pakati pa Mutare ndi Manica linali phiri basi. Uku amalankhula Chimanyika, ukonso amalankhula Chimanyika.

"Ine ndinapereka ng'ombe, amake Tsungai," anatero. "Kwathu ndi kwanu."

"Ng'ombe zanuzo wa pawindo uja sazidziwa," anayankha Raviro.

Ukwati wawo unali wa mwambo. Nkhoswe inayenda, malowolo anaperekedwa, abale anadya n'kuvina. Ku ofesi iliyonse sanapiteko, ndipo panalibe amene anawauza kuti apiteko. Ana anabadwa, anakula, ena anakwatira, banja likuyenda bwinobwino.

Nkhaniyi inafika m'makutu a Horácio, mng'ono wake wa Zefa. Horácio ankakhala ku Manica, ankanyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo sankabwera ku Mutare wopanda thumba la buledi wa kwawo ndi nzeru yatsopano. Atamva za nyemba anaseka mpaka kutsokomola, kenako ananena kuti alamu ake akuvutika pachabe. Kumudzi kwawo kunali anthu ambiri amene anabadwa nthawi ya nkhondo osalembedwa paliponse. Otere ankatha kulembetsa atakula, akapeza mboni zolumbira kuti anabadwira komweko. Mboni iye anali nazo, anzake a pasiteji. Raviro angolembetsa ngati wobadwira kumudziko, basi. Chilankhulo n'chimodzi, nkhope n'zimodzi, ndani angadziwe? Makolo olemba papepala analiponso: malemu bambo ndi malemu mayi a iye ndi Zefa, popeza akumanda satsutsa.

Raviro sanakane. Kunena zoona, mtima wake unapepuka. Anaganiza za khonde lake, za mapapaya amene anabzala, za moyo wosawerenganso masiku. Zefa naye anati mng'ono wakeyu nthawi zina amaganiza ngati munthu wamkulu.

Lamulungu masana, atatha kudya kunyumba yawo ya lendi ku Mutare, Horácio anati ayeserere mafunso kuti alamu ake asakachite chibwibwi. Anavundikira beseni kuti likhale tebulo, anavala magalasi a mkulu wake, n'kukhala pansi pa mpeyala atakwinya nkhope ngati kalaliki wanjala. Anafunsa dzina, Raviro anayankha. Anafunsa kumene anabadwira, Raviro anatchula mudzi wa apongozi ake mosadodoma, mpaka dzina la mtsinje. Zefa anawomba m'manja.

"Dzina la bambo anu?" anafunsa Horácio.

Raviro anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Chikwatiwire anali asanatchulepo dzina la apongozi ake aamuna. Mkazi wolowoledwa satero. Ali moyo ankawatchula kuti agogo a Tsungai, kapena ndi mfunda wawo, a Shumba, atagwada. Ngakhale tsiku la maliro awo dzinalo silinadutse pamilomo pake.

"Tchulani, alamu, adagona aja sakumva," anatero Horácio.

Anayesanso. Lilime linakana. Anayamba kuseka chifukwa cha manyazi, nsalu ili pakamwa, ndipo abale awiriwo anaseka naye. Horácio anati palibe kanthu, aziyeserera tsiku lililonse mpaka pakamwa pazolowere. Anawonjezera kuti asaiwalenso mfunda, chifukwa akulu a kumudzi amakonda kufunsa zimenezo. Kuyambira lero asamati ndi wa Mhofu, wa ntchefu. Azinena kuti ndi wa Shumba, wa mkango.

Zefa anapukuta misozi ya kuseka. Iye ankakonda kumutchula mkazi wakeyo kuti Chihera, dzina laulemu la akazi a mfunda wa ntchefu, amene amadziwika kuti sagonja wamba.

"Ndiye kuti Chihera wanga watha," anatero. "Bambo mmodzi, mayi mmodzi, mfunda umodzi. Takulandirani, mlongo wanga."

Iye anaseka yekha. Raviro anali atasiya. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mlamu wake, kenako anayang'ana chingwe pamene panali timalaya ta zidzukulu.

"Abambo a Tsungai, ana anayi aja ndinabereka ndi mlongo wanga?"

Kwawoko, mbali zonse ziwiri za phiri, a mfunda umodzi sakwatirana, nanji a mimba imodzi. Ndi zinthu zimene anthu amalavula akazimva. Horácio anavula magalasi n'kuyamba kufotokoza kuti ndi pepala chabe, pepala silidya, silimwa, silipita kumanda. Raviro anati ngati ndi pepala chabe, nanga bwanji likumuletsa kukolola nyemba zake?

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Anali Mai Mutsago, oyandikana nawo nyumba, amene ankayanika malaya a kaunjika. Mayiwa anali atakalambira m'njira ya ku Chimoio, kupita kukaoda mabelo n'kubwera. Anapepesa kuti makutu alibe chitseko, kenako analowa pageti asanaitanidwe n'kukhala pa beseni la Horácio lomwe lija.

Ananena kuti nzeru imeneyi si yatsopano. Iwo anadziwana ndi mayi wina wa mumsika wa ku Chimoio amene anachita zomwezi. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene mwamuna wake anamwalira. Abale a mwamunayo atafuna nyumba, anatulutsa nkhani ya pepala lija. Papepala mayiyo sanali mkazi wa malemu, anali mlongo, ndipo kuti anene zoona anayenera kuvomera kaye kuti ananamiza boma. Anangotenga mapoto ake n'kuchoka. Mai Mutsago anatembenukira kwa Horácio n'kumukumbutsa kuti wolumbira bodza naye amamangidwa, pamodzi ndi anzake a pasiteji aja.

"Mwana wanga, njinga yakoyo adzakwera ndani iwe uli m'kati?" anafunsa.

Horácio anakanda m'mutu n'kunena kuti iye amangofuna kuthandiza. Mai Mutsago anati akudziwa, n'chifukwa chake sanamuthire madzi ochapira. Anawauza kuti m'tauni momwemo muli ofesi ya kazembe wa dziko la Mozambique, imene ntchito yake ndi kuthandiza anthu a dzikolo okhala kunja pamodzi ndi mabanja awo. Iwo amadutsa pamenepo akamapita kukakwera basi. Kufunsa salipiritsa.

Zefa ankaopa maofesi kuposa macheka a kuntchito kwake. Komabe Raviro anamuchapira malaya oyera, ndipo m'mawa wina anapita onse. Anawalandira mayi wina wa imvi zochepa, dzina lake Dona Felismina, amene anayamba ndi Chipwitikizi, n'kusinthira ku Chimanyika msanga ataona kuti Raviro akungoyang'ana pakamwa.

Yankho loyamba linali lokoma. Dona Felismina anati njira ilipo ndithu yoti mkazi kapena mwamuna wa nzika apemphe unzika chifukwa cha ukwati, ndipo safunika kusamuka kaye kuti ayambe. Angathe kuyambira pa ofesi yomweyo, ali ku Mutare komweko. Kenako anafunsa setifiketi ya ukwati.

Zefa anakhala bwino pampando n'kuyamba kufotokoza za ng'ombe. Anatchula yakuda ya nyanga imodzi, anatchula yamawanga imene inathawa m'njira mpaka anakaipeza kudambo, anatchula bulangete la apongozi ndi jekete. Dona Felismina anamvetsera mpaka kumapeto, akumwetulira. Anati bambo akenso analandira ng'ombe pa iye, ndipo ukwati wa mwambo ndi ukwati weniweni, palibe akuunyoza.

"Koma ng'ombe zanu zinauza makolo, abambo," anatero. "Boma silinauzidwe. Ndipo maboma ake ndi awiri."

Anafotokoza pang'onopang'ono, Raviro akubwereza chilichonse kuti chikhazikike m'mutu. Choyamba, akalembetse ukwati wawo kuno kumene akukhala, pamaso pa majisitireti, ndi mboni zimene zinaliko. Setifiketiyo ikadindidwe ndi maofesi a kuno otsimikizira kuti ndi yeniyeni, imasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, kenako abwere nayo kuti ukwatiwo ulembedwenso m'mabuku a kwawo kwa Zefa. Zefa naye alembetse pa ofesiyo ngati nzika yokhala kunja, zimene zaka zonsezi anali asanachite. Raviro akonze kalata yake ya kubadwa ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe milandu. Anawachenjeza kuti lamulo limafuna kuti ukwati ukhale utatha zaka zingapo, ndipo boma limawerenga zimene likutha kuziona. Choncho adikira. Anati ndalama iliyonse alipire pawindo ndi kulandira lisiti, asapatse munthu wa panja ngakhale atavala tayi.

Zefa anafunsa kuti iye asaine pati kuti mkazi wake apatsidwe unzikawo. Dona Felismina anapukusa mutu. Anati pempholi si la mwamuna. Mwini wake ndiye ayenera kunena yekha kuti akufuna, ndi kusaina ndi dzanja lake, popanda womukakamiza. Anauzanso Raviro kuti asanasaine akafunse ku ofesi ya dziko lake lomwe kuti unzika umene ali nawo zidzauthera bwanji, chifukwa dziko lililonse lili ndi lamulo lake pa nkhani imeneyi.

Potuluka, Raviro anaima pakhomo n'kunena kuti ali ndi mnzake wina amene anauzidwa kuti akalembetse ngati wobadwira kumudzi kwa mwamuna wake. Dona Felismina anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mukamuuze mnzanuyo kuti asayerekeze," anatero. "Mumuuzenso kuti wachita bwino kubwera kudzafunsa."

Raviro anaseka njira yonse mpaka pasiteji.

Kupeza mboni kunali ntchito payokha. Bambo ake a Raviro anali atamwalira, choncho mchimwene wake Garikai anaima m'malo mwawo. Garikai anavomera msanga, koma anati akufuna kuona mlamu wake akugwadanso, chifukwa ulendo woyamba uja iye anali mwana ndipo sanaonetsetse. Nkhoswe ya ukwatiwo, a Mandikate, inali ikadali moyo ku Honde, itagontha khutu limodzi. Zefa anakaitenga pa basi. Mkuluyo atamva nkhani yake anadabwa kuti ntchito imene anaimaliza ali ndi mano onse akumuitanira tsopano atatsala ndi atatu.

Tsiku la kukhoti, Mai Mutsago anatulutsa suti ya m'belo imene inamukwana Zefa paliponse kupatula m'manja. Ana anabwera, zidzukulu zinabwera. Horácio anafika ndi buledi ndipo anakhala mboni ya kuchimuna. Anauza aliyense kuti kulumbira zoona n'kosavuta, munthu sachita kuloweza. Kalaliki atafunsa dzina la bambo a mkwati, anayankha Zefa. Atafunsa la bambo a mkwatibwi, Raviro anatchula dzina la bambo ake omubala momveka mpaka kumbuyo. Majisitireti atafunsa a Mandikate ngati akuwadziwa awiriwa, mkuluyo anayamba nkhani ya ng'ombe yothawa ija, ndipo anachita kumuimitsa. Panja Tsungai analuluta, ndipo anthu odikira milandu yawo anawomba nawo m'manja osadziwa n'komwe kuti akwatirana ndani.

Zotsatira zake sizinali zachangu. Setifiketi inabwezedwa ulendo umodzi chifukwa panasowa chidindo chimodzi, ndipo Raviro anakwera basi mpaka ku Harare kukachifuna. Anapitanso ku ofesi ya dziko lake kukafunsa za unzika wake wakale, anamva yankho, anakambirana ndi ana ake, n'kutsimikiza mtima. Kalata ya kupolisi yoyamba inatha mphamvu nthawi yopereka pempho isanakwane, anakatenga ina. Kenako kunali kudikira. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso kangapo. Raviro ankapitabe ku Manica ndi pasipoti, n'kumabwerera masiku asanathe. Sanaphonye ngakhale ulendo umodzi, chifukwa Dona Felismina anali atamuuza kuti mbiri yoyera imathandiza. Horácio akabwera ankamuseka kuti akanamvera iye bwenzi pano ali nzika yakalekale. Raviro ankamuyankha kuti bwenzi panonso iye akupititsira mlamu wakeyo chakudya kundende.

Nthawi itakwana anakasaina pempho lake. Zefa anakhala pabenchi panja, chipewa chili m'manja, chifukwa m'katimo munalibe ntchito yake. Pamenepo n'kuti atatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo Raviro anayamba kuda nkhawa kuti mwamuna wake asamuka yekha. Zefa anati sizingatheke. Ngati yankho lichedwa, adikira limodzi m'nyumba ya lendi, iye azithandiza kunyamula mapeyala.

Anathandizadi, kwa miyezi ingapo, ndipo anali wogulitsa woipa kwabasi. Aliyense womutchula kuti agogo ankamuwonjezera peyala laulere. Tsiku lina m'mawa, Raviro akumukalipira pa nkhani yomweyo, foni inalira. Anali Dona Felismina. Anati yankho labwera kuchokera kwawo, ndipo ndi labwino. Raviro anakhala pansi pa kreti ya tomato. Sanalire, sanavine. Anangouza mwamuna wake kuti lero agawe mapeyala mmene akufunira.

Anasamuka chilimwe chomwecho, katundu ali pa lole ya mnzake wa Horácio. Raviro anakajambulitsa chitupa chake cha unzika, dzina lake lenileni, bambo ake enieni, mudzi wake weniweni wa ku Zimbabwe, ndi dzina la mwamuna wake pamalo a mwamuna. Mwezi usanathe kunali msonkhano wa m'dera lawo wokambirana za mpopi umene unauma. Raviro anaimirira n'kulankhula mpaka amuna anayamba kuyang'ana pansi. Wina atanong'ona kuti mayi wa ku Zimbabweyu zikumukhudza bwanji, wapampando anayankha kuti mayiyu ndi nzika ngati wina aliyense, apitirize. Anamusankha kukhala wosunga kiyi wa mpopi. Horácio anauza mkulu wake kuti adzibweretsera okha, tsopano madzi azimwa pa nthawi ya alamu.

Nkhani ya Raviro ndi ya mabanja ambiri a m'malire, ndiponso ya aliyense amene anakwatira kapena kukwatiwa kunja kwa dziko lake. Ukwati paokha susintha unzika wa munthu, ngakhale malowolo ataperekedwa onse ndi ana atabadwa. Lembetsani ukwati wanu ku boma, ndipo musadikire ukalamba. Ngati mukukhala kunja, pitani nokha ku ofesi ya kazembe wa dziko la mnzanuyo mukafunse zofunika, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasintha. Funsaninso dziko lanu za unzika umene muli nawo musanasaine. Musalole munthu aliyense, ngakhale m'bale wokufunirani zabwino, kuti akulembetseni ndi makolo abodza kapena mudzi wabodza. Bodzalo ndi mlandu, ndipo limadzakulandani nyumba ndi banja pa tsiku limene mukuzifuna kwambiri. Njira yoona imachedwa, koma mukafika palibe amene angakutulutseni.